Mbaula ya Mumlengalenga: N'chiyani Chingadzutse Woyendetsa Ndege Mpweya Woipa Usanamugoneke?

Amene anakulira ku Dedza, ku Mzuzu kapena m'makomboni a ku Lusaka nkhani ya mbaula akuidziwa. Ikakwana Juni, chisanu chikamalowa mpaka m'mafupa, munthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko ndi zenera kuti kutentha kusathawe. M'mawa anansi amagogoda mpaka kutopa. Chopweteka pa maliro oterewa n'choti m'nyumbamo simukhala utsi woti munthu n'kutsokomola nawo kapena kudzidzimuka. Makala ofiira psuu aja amangotulutsa mwakachetechete mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu, wosayabwa m'maso. Munthu amaona ngati tulo tabwino tamubwerera.

Mbaula yomweyi ilimo m'ndege zambiri zazing'ono, kungoti siioneka. Ndege za injini imodzi ya mapisitoni, monga Cessna 172 ndi Piper Cherokee zimene ana athu amaphunzirira kuuluka ku masukulu a ku Joni, zilibe hita yamagetsi. Paipi ya ekizozi imavekedwa chitsulo china ngati malaya. Mpweya wakunja umadutsa pakati pa paipi yotenthayo ndi malayawo, n'kufunda, kenaka n'kulowa momwe muli anthu. Nzeru yake ndi yabwino ndipo siidya mafuta owonjezera. Koma paipiyo ikangochita kamng'alu, ngakhale kopyapyala ngati tsitsi, zotuluka mu injini zimasakanikira ndi mpweya wofundawo. Woyendetsa akakoka kachitsulo ka hita ndiye kuti walowetsa mbaula m'chipinda chotseka. Ndege zina za mainjini awiri zili ndi hita yakeyake yoyaka ndi mafuta a ndege, ndipo nayonso ikabooka imachita chimodzimodzi.

Chifukwa chake m'mwamba zimafika poipa msanga

M'magazi mwathu muli chinthu chofiira chonyamula okosijeni, madokotala amati hemoglobin. Chiyerekezeni ndi minibasi yomwe imakweza okosijeni pa siteji ya m'mapapo kukamutsitsa ku ubongo, ku mtima ndi ku minofu. Carbon monoxide amakakamira mpando mwamphamvu zoposa za okosijeni kopitirira ka 200, ndipo akakhala satsika msanga. Choipa china n'choti okosijeni wochepa amene wapeza mpando naye amayamba kuvuta kutsika akafika komwe akufunika. Minibasi imangozungulira yodzaza, ubongo uli ndi njala.

Tsono m'mwamba siteji imakhala kale ndi anthu ochepa. Mpweya ukamakwera umapepuka. Pa mapazi 10,000, omwe ndi mamita pafupifupi 3,000, mphamvu yokankhira okosijeni m'magazi imatsala pafupifupi 70 pa 100 ya ija ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Pa mapazi 18,000 imatsala theka. Munthu wabwinobwino amapirira mapazi 8,000 kapena 10,000 popanda vuto lalikulu, koma akawonjezera carbon monoxide pang'ono chabe, thupi lake limakhala ngati lakwera mtunda woposa umene wotchi yoyeza kukwera kwa ndege ikusonyeza. Wosuta fodya ndiye amanyamuka atanyamula kale katundu: m'magazi mwa wosasuta, mipando yogwidwa ndi mpweyawu sipitirira 2 pa 100, pamene mwa wosuta imafika 5, mwinanso 10.

Kwathu kuno timanyamukira pamwamba kale. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mamita opitirira 1,200, Johannesburg ili cha pa 1,700, chitunda cha Nyika chimapyola 2,000, ndipo wodutsa pafupi ndi Mulanje ayenera kukumbukira kuti Sapitwa ndi mamita 3,002. Pa mamita 1,000 alionse omwe mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri oposa sikisi. Ndiye ulendo wa m'bandakucha mwezi wa Julayi, dzanja limapita lokha pa hita, hita yomwe mwina yatha miyezi isanu ndi itatu osatsegulidwa ndipo palibe amene akudziwa zomwe zachitika m'kati mwa malaya achitsulo aja.

Zomwe zimayamba kufooka ndi zomwe woyendetsa ndege amadyera: kuona bwino, makamaka usiku, kuwerengera, kukumbukira zomwe a pa nsanja yowongolera ndege anena, ndi kusankha chochita mwachangu. Mipando yogwidwa ikafika pakati pa 10 ndi 20 pa 100, mutu umayamba kuwawa. Ikapitirira pamenepo kumabwera nseru, chizungulire, kulefuka ndi kusokonezeka maganizo. Ikapyola theka munthu amakomoka, ena amagwidwa khunyu, mtima umatha kuima.

Okonda mpira akukumbukira Emiliano Sala. Pa 21 Januwale 2019 ananyamuka usiku ku Nantes kupita ku Cardiff, komwe timu ya Cardiff City inali itangomugula kumene, pa ndege ya Piper Malibu. Ndegeyo inagwera m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Guernsey. Thupi lake litapezeka, m'magazi mwake mipando yogwidwa ndi carbon monoxide inali 58 pa 100. Thupi la woyendetsa, David Ibbotson, silinapezeke, koma ofufuza a AAIB ku Britain anati nayenso ayenera kuti anapuma mpweya womwewo, umene mwachidziwikire unalowera ku hita kuchokera ku ekizozi. Panali zolakwika zinanso pa ulendowo, monga zoti woyendetsayo analibe chilolezo chouluka usiku ngakhale chonyamula anthu olipira. Koma m'ndegemo munalibenso chilichonse choti n'kulira kuti anthu inu, mpweya waipa.

Bungwe lofufuza ngozi la NTSB ku America litawerenga ngozi za ndege za pakati pa 1982 ndi 2020, linapeza 31 zochitika chifukwa cha mpweyawu. Mwa izo 23 zinapha anthu, onse pamodzi 42. Kachipangizo kochenjeza kanapezeka m'ndege imodzi yokha, ndipo kanali ka mtundu wosalira. Tiyeni tsono tione njira zimene anthu amadalira, chifukwa sizifanana mphamvu ngakhale pang'ono.

Kudalira thupi ndi mphuno

Iyi ndiye njira imene ambiri akugwiritsa ntchito osadziwa kuti asankha. "Ndikamva fungo la ekizozi nditseka hita." Fungo likamveka ndi mwayi, ndipo osalinyozera, koma fungolo ndi la zinthu zina za mu ekizozi, osati la mpweya wakuphawo. Nthawi zambiri silimveka n'komwe. Ndipo chiwalo chimene mukudalira kuti chizindikire ngozi, ubongo, ndi chomwe chikuyamba kuledzera.

Mu Febuluwale 2017, woyendetsa ndege wina wa ku Minnesota anauluka maulendo angapo tsiku limodzi pa ndege yake ya Mooney. Mutu unkamuwawa n'kumalekako, iye n'kumati mwina akudwala kamatenda wamba. Usiku atanyamuka ku Duluth anakomoka. Ndege inadziyendera yokha mpaka mafuta kutha, n'kukagwera m'munda. Anatsitsimuka ali wovulala koma wamoyo, pomwe anzake ambiri otere sanapatsidwe mwayi wofotokoza. Anali munthu wodziwa ntchito yake, zizindikiro anazimva tsiku lonse, koma anazimasulira molakwa. Ife tikanati ndi malungo, kapena njala, kapena dzuwa. Njira imeneyi ine sindiiwerengera konse ngati chitetezo.

Kakhadi komata pa dashibodi

Mukalowa m'ndege zambiri za sukulu mupeza kakhadi kapulasitiki kokhala ndi kadontho kachikasu kapena kofiirira pakati. Mpweya woipa ukakafika, kadonthoko kamada. Mtengo wake ndi madola ochepa, sikafuna batire, ndipo n'chifukwa chake kali paliponse.

Vuto lake ndi loti n'kosalankhula. Kuti kakuthandizeni muyenera kukayang'ana pa nthawi yoyenera, muli ndi maso oona bwino ndi mutu wotha kufunsa kuti kodi dzulo kanali kotere? Usiku, pansi pa getsi lofiira la m'ndege, kusiyana kwa mtunduwo sikuoneka. Kamatha mphamvu: kena pakangopita miyezi yowerengeka chitsegulireni m'pepala lake, kena chaka kapena kupyolako pang'ono. Dzuwa ndi mankhwala otsukira m'ndege zimakaononga. Ndiye kamatha kukhala pamenepo zaka, kooneka bwinobwino, kakunamiza aliyense kuti m'ndege muli mlonda.

Pa 31 Disembala 2017, ndege ya de Havilland Beaver yotera pamadzi inagwera ku Jerusalem Bay, kumpoto kwa Sydney ku Australia, n'kupha anthu onse asanu ndi mmodzi. Woyendetsa wake anali katswiri wa maola zikwizikwi, koma analowera m'chigwa chopanda potulukira n'kukhota mosayenera. Patapita nthawi yaitali ndi pamene ofufuza a ATSB anayezetsanso magazi n'kupeza carbon monoxide. Woyendetsayo anali ndi 11 pa 100 yokha. Taonani nambalayo. Sanakomoke ngati Sala, anangosokonezeka pang'ono pa mphindi imene sinkafuna kusokonezeka. Kakhadi kanalimo m'ndegemo, ndipo ofufuza anati kayenera kuti sikankagwira ntchito tsikulo.

Ngati mulibe china, kamateni ndipo lembanipo tsiku lomwe mwakatsegula. Koma musakaike m'gulu limodzi ndi zomwe zikubwerazi.

Kamakina kopana chala

Apa ndikufuna tiimepo, chifukwa ndi pamene anthu osamala kwambiri amagwera m'mbuna. Chiyambire mliri wa Covid, ambiri tikukadziwa kamakina kopana chala koyeza okosijeni m'magazi. Oyendetsa ndege amakakonda, ndipo n'kabwinodi poona ngati mwakwera mopitirira muyeso. Koma kamayeza poona kufiira kwa magazi, ndipo magazi odzaza carbon monoxide amafiira ngati odzaza okosijeni. Kamakinako sikasiyanitsa. Kamangowerenga mipando yodzaza, osafunsa kuti wakhalapo ndani.

Taganizirani munthu ali pa mapazi 9,000, mutu ukugunda. Wachita zanzeru, wapana chala, nambala yabwera 97. Mtima wake wakhala pansi. Chikhalirecho pa mtunda umenewo munthu wabwinobwino amayembekezera kuona nambala ya m'ma 90 oyambirira, ndiye 97 uja ndi woyenera kumudabwitsa, osati kumutonthoza. Alipo makina ena a m'zipatala oyeza chala omwe amatha kuona carbon monoxide, koma ndi odula ndipo si amene amagulitsidwa m'mafamase. Pa nkhani ino, kamakina ka pa chala n'koopsa kuposa kusakhala nako ngati mwini wake sakudziwa bodza lakeli.

Alamu ya m'nyumba

Ku Britain, ku America ndi m'masitolo akuluakulu a ku Joni mumapezeka ma alamu a carbon monoxide opachika m'nyumba. Ndi otsika mtengo, amalira mokweza, batire yake imakhalitsa. Kodi osangotenga imeneyo bwanji?

Mpweyawu amauyeza m'magawo pa miliyoni, pa timakinati amalemba kuti ppm. Malamulo opangira ndege zazing'ono ku America akhala akunena kuti m'chipinda cha anthu usapitirire gawo limodzi pa 20,000, komwe ndi 50 ppm. Tsono alamu ya m'nyumba anaipanga kuti isamavutitse anthu ndi kulira pafupipafupi. Ya muyeso wa ku America imaloledwa kudikira kuyambira ola limodzi mpaka maola anayi pa 70 ppm isanalire. Ya muyeso wa ku Ulaya imadikira mphindi 60 mpaka 90 pa 50 ppm. Kwa munthu wokhala pa mpando m'nyumba, kuchedwa kumeneko kulibe vuto. Kwa munthu amene ali pa mapazi 10,000, okosijeni ndi wochepa kale, ndipo akuyenera kutera pa kabwalo kafumbi mphepo ikuomba cham'mbali, ola limodzi ndi lalitali. Ulendo wonse wa ku Likoma ukhoza kutha alamu isanatsegule pakamwa.

Komabe imalira, ndipo mng'alu ukakhala waukulu imalira m'mphindi zochepa. Imaposa kakhadi kutalitali. Mukasankha imeneyi, pezani yokhala ndi kagalasi koonetsa nambala, ndipo makamaka yopangidwira maboti ndi magalimoto ogonamo, chifukwa imapirira kugwedezeka ndi kusintha kwa kutentha.

Timakina topangidwira ndege

Apa ndi pamene ndalama yanga ingapite. Ndi timakina tokwana m'thumba la malaya, tokhala ndi kachipangizo konunkhiza mpweya mosalekeza, toonetsa nambala ngakhale ikhale yaing'ono, ndipo timalira ndi kuthwanima mpweya usanafike poopsa. Mtengo wake ndi wofanana ndi ola limodzi kapena awiri a sukulu ya ndege. Wophunzira amene amasinthasintha ndege tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti ekizozi ya iliyonse anaitsegula liti, kake n'kameneka chifukwa kamayenda naye.

Ubwino wake waukulu, umene ambiri sautchula, ndi nambalayo. Mukauluka nako kangapo mumaidziwa ndege yanu: pansi muli pa mzere kumbuyo kwa ndege ina kamakwera pang'ono, pokwera mwina kamaonetsa kanambala kochepa, mukakhazikika kamabwerera pa ziro. Tsiku lomwe mudzatsegule hita n'kuona nambala ikukwera pomwe kale sinkakwera, mwagwira mng'alu ukadali khanda, miyezi isanafike yoti ukuvulazeni.

Zofooka zake zilipo. Batire imatha. Kachipangizo konunkhizako kamakalamba pakapita zaka zingapo, ndipo tsiku lake limalembedwa kumbuyo. Mukakaika pafupi ndi polowera mphepo yakunja kazingoonetsa ziro mpaka kalekale. Mukakasiya m'chikwama cha kumbuyo simukamva, makamaka ngati mwavala mahedifoni oletsa phokoso. Kayeseni injini ikulira, mahedifoni ali kumutu, muone ngati kakukufikani.

Opanga zida aliona vuto la kusamvekali. Sentry, kabokosi kogwira ntchito ndi pulogalamu ya oyendetsa ndege yotchedwa ForeFlight, kali ndi konunkhiza kake ndipo chenjezo limaonekanso pa iPad. Mahedifoni a Lightspeed Delta Zulu ali nako m'kati ndipo amakulankhulani m'khutu momwemo. Ndi odula, ndipo munthu sangawagule chifukwa cha ichi chokha, koma amene akugula kale mahedifoni atsopano aganizirepo.

Palinso omangirira m'ndege momwemo, monga a Guardian Avionics, otenga moto ku ndege ndipo ena amalumikizidwa ku mahedifoni. Saiwalika kunyumba, batire siwathera. Amafuna injiniya wovomerezeka kuti awaike ndiponso ndalama yokulirapo. Kwa kampani yonyamula alendo kupita ku Mfuwe kapena ku Nyika pa ndege za mapisitoni, ndi kwa sukulu iliyonse ya ndege, sindiona chifukwa chosankhira china. Ku Britain, kuyambira Januwale 2025, bungwe loona za ndege la CAA linalamula kuti ndege za mapisitoni zikanyamula anthu omwe si oyendetsa ndege zizikhala ndi kachipangizo kolira. Inu wokwera muli ndi ufulu wofunsa musanakwere: "Akulu, muli ndi kochenjeza mpweya wa ekizozi?" Woyendetsa wabwino akulozerani pomwe kali. Ndege zazikulu za jeti ndi zina monga Cessna Caravan zimafunditsa anthu mwa njira ina, ndipo vutoli silikhala lalikulu kumeneko.

Ntchito ya amakaniko

Zonse tatchulazi ndi alonda okuwa wakuba atalowa kale. Wotseka chitseko ndi makaniko. Kuunika ndi tochi kunja kwa malaya achitsulo aja sikokwanira, chifukwa mng'alu umabisala m'kati, nthawi zambiri m'mbali mwa zowotcherera. Malayawo achotsedwe. Njira yodalirika ndi yomwe aliyense anaionapo kwa okonza njinga pansi pa mtengo wa mango akamafufuza pomwe chubu chabooka: kutseka kukamwa kwa ekizozi, kupoperamo mpweya pang'ono, n'kupaka madzi a sopo paliponse. Pomwe patuluke thovu ndi pomwepo. Zizindikiro zina ndi mwaye kapena phulusa lotuwa m'kati mwa malayawo, ndi chitsulo chotupa kapena chosintha mtundu. A FAA, bungwe loona za ndege ku America, amalangiza kusintha chitini cha ekizozi chikakwanitsa maola 1,000, ngakhale chikuoneka chamoyo.

Hita si khomo lokhalo. Pa ndege ya ku Sydney ija, ekizozi inali ndi ming'alu, koma mpweya unalowera m'timabowo ta pa khoma lolekanitsa injini ndi anthu, pomwe mabawuti ena anasowa. Timabowo tongokwana bawuti. Labala wa pa chitseko akatha, kapena pomwe mawaya amadutsira pakakhala posamatidwa, mpweya wa ekizozi woyenda m'mbali mwa ndege umayamwidwira m'kati hita ili chitsekere. Ndiye amene amati kwathu kumatentha, hita sitiigwira, asadzione ngati wapulumuka.

Pakati pa kuyendera ekizozi ndi kachipangizo kolira palibe choti musankhepo chimodzi. Ekizozi yoyesedwa bwino mu Malichi ikhoza kung'aluka mu Juni, chifukwa chitsulocho chimapsa ndi kuzizira ulendo uliwonse uku chikugwedezeka.

Kakalira muli m'mwamba

Kakhulupirireni, ngakhale mukumva bwino. Tsekani hita ndi mpweya wofunda wopita pa galasi lakutsogolo. Tsegulani polowera mphepo yakunja ponse, ndi zenera ngati buku la ndegeyo likulola. Ngati muli ndi botolo la okosijeni, valani. Okosijeni amathandiza kwambiri kuchotsa mpweyawu: pa mpweya wamba thupi limatenga maola anayi kapena asanu kuti lichotse theka, pamene pa okosijeni yekhayekha wa masiki ogwira bwino limatenga ola limodzi ndi kanthu. Koma timapaipi ta m'mphuno tija sitikutchingani, chifukwa mukupumabe mpweya wa m'ndegemo. Uzani a pa nsanja mosabisa kuti mukuganizira carbon monoxide, kuti akamva mukuyankha mozungulira adziwe chifukwa chake ndipo akutsogolereni. Tsikani ngati mapiri akulola, ndipo terani pa bwalo lapafupi, osati lomwe munalonjeza abwana. Nambala ikabwerera pa ziro mutatsegula mazenera, ndi mpweya wa m'ndege umene wayera. Magazi anu akadali momwe analili.

Mukatera pitani kuchipatala, ndipo musayendetse nokha galimoto. Kwathu kuno mutu ndi nseru aliyense amathamangira kuyeza malungo, ndipo kamakina ka pa chala kakaonetsanso nambala yokongola ija. Nenani nokha kuti mwapuma mpweya wa ekizozi m'malo otsekeka, ngati wa mbaula, ndipo tchulani nthawi yomwe munatuluka m'ndege. A chipatala akamva mawu akuti mbaula amadziwa chochita. Amene anakomoka, amene akumva kupweteka pachifuwa, ndi mayi woyembekezera amene anali m'ndegemo, asachedwetsedwe ngakhale akuoneka kuti atsitsimuka. Anthu ena amachira, kenaka patapita masiku kapena masabata amayamba kuiwalaiwala, kusintha khalidwe kapena kuvutika kuika maganizo pamodzi. Apabanja ndi amene amayamba kuziona, ndiye auzeni zoyenera kuyang'anira, ndipo musabwerere m'mwamba musanaonane ndi dokotala woyeza oyendetsa ndege. Ndegeyo ilembedwe m'buku kuti isauluke, makiyi apite kwa makaniko, ayambire pa malaya achitsulo aja ndi madzi a sopo.